Munthu Wopanda Mutu pa Sileti Yanga

Ndikukumbukira bwino lomwe mphunzitsi amene ankatimenya chifukwa cha ng'ombe. Osati ng'ombe yoti taisiya yalowa m'munda mwa eni, ayi, imeneyo bwenzi tikumvetsa. Ankatimenyera ng'ombe yojambula pa sileti. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, m'zaka zija za m'ma 1950, ndipo tinkakhala m'kamudzi kena kumadzulo kwa Nsaru, kumene fumbi la mwezi wa Okutobala limalowa ndi m'mano momwe.

Sukulu yathu inali ya mishoni, nyumba imodzi yofolera udzu imene Lamulungu inkasanduka tchalitchi. Tinkakhala pa zidina, aliyense sileti yake ili lendelende m'khosi pa kachingwe ka luzi. Aphunzitsiwo anali a Kamphinda, munthu wamfupi wa khosi lonenepa, amene anamenyako nkhondo ya Azungu kutsidya kwa nyanja. Ife ana sitinkawatchula choncho. Kuseri tinkati a Wachiona, chifukwa funso lawo linali lomwelo, loti wachiona, kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu.

Tsiku lawo loyamba anangoti, "Jambulani ng'ombe." Ha, tinasekera m'manja! Ng'ombe? Ife obadwira pafupi ndi khola, oponda ndowe m'mawa uliwonse? Ndinajambula yanga mwachangu, yokongola zedi: msana wowongoka ngati thabwa, bere lalikulu, mawanga akudaakuda, monga inalili ya m'buku lathu la Chingerezi. Ndinakweza sileti m'mwamba kuti andiyamikire anzanga asanandipitirire.

Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Ng'ombe iyi waiona kuti?"

"M'buku, aphunzitsi."

"M'mudzi mwanu mulibe khola?"

"Lilimo."

"Nanga linunda lili kuti?"

Ndisanatsegule pakamwa, rula inali itagwa kale pa mfundo za zala zanga, osati chafulati koma cham'mphepete mwake. Katatu. Tonse tinalandira tsiku limenelo, chifukwa m'kalasi monse munalibe ng'ombe ya linunda ngakhale imodzi, pamene ng'ombe zonse za kwathu n'za malinunda. Titatha kulira anatindandalitsa mpaka kukhola kwa a Jailosi, mwini ngolo yekhayo m'dera lathu, n'kutikhazika pa dzuwa kuti tiyang'ane ng'ombe yawo yokoka ngolo, dzina lake Bantomu. "Musajambule," anatero. "Yang'anani basi. Kuona maso a nkhono n'kudekha." Tinakhala pamenepo mpaka dzuwa pamutu. M'pamene ndinaona koyamba kuti mwendo wam'mbuyo wa ng'ombe umapindikira kumbuyo, ndi kuti pamwamba pa mfundo yopindikirapoyo pamadutsa mtsempha waukulu wooneka ndi maso.

Tsiku lina atadzuka ndi mtima wabwino, zomwe sizinkachitikachitika, anatiuza kumene anazitenga zimenezi. Anati kunkhondo kuja ntchito yawo inali yokwawa m'thengo kukazonda adani, n'kubwerera kudzajambula papepala zimene aona: phiri lili apa, mtsinje apa, mfuti yaikulu apa. Mnzawo wina anajambulapo mlatho umene sanauone, anangomva kuti ulipo, ndipo anthu anakafera pamtsinje wopanda mlatho. Mzungu amene ankawaphunzitsa ntchitoyo anali wojambula zithunzi kwawo. Ndiye anawauza za anzeru ena akale a kumeneko, amene ankati mwana amabadwa mutu uli mbee ngati sileti yofufuta, ndipo chilichonse chimene adzadziwe chimalowera m'maso, m'makutu, m'mphuno, pa lilime ndi pakhungu. Akuti ojambula a kumeneko atamva zimenezo, ambiri anasiya kujambula zongomva ndi zongokopera kwa makolo awo, n'kutuluka panja kukayang'ana mitambo, mitengo ndi makwinya a nkhalamba zenizeni.

"Koma khomo lililonse lili ndi katundu wake," ankatero a Kamphinda. "Cholowera kukhutu usamati chalowera kumaso."

Akulu a mpingo sankakondwa nazo. Wina anawafunsa pamaso pathu ngati Mulungu anamuonapo. Iwo anangoti, "Za Mulungu tikamba Lamulungu, akulu. Lero ndi Lachitatu, ndikufuna linunda."

Ndinkadana nawo, ndisaname. Zala zanga zinkakhala zotupa sabata ndi sabata. Ukajambula tsamba la mango, ankawerenga mitsempha yake. Ukajambula nkhuku n'kuiika zala zitatu, kachala kakumbuyo waiwala, thwa! Ndinkapemphera kuti mishoni iwasamutse, kaya ku Nambuma kaya kutali kulikonse, bola kumene ana ake ali ndi zala zachitsulo.

Kwathu, monga midzi yonse ya kumeneko, mwamuna ankakwatira n'kudzakhala kwa mkazi. Bambo anga anali atapita ku Halale ine ndili wakhanda, choncho amene anandilera anali atsibweni a Zakeyu, alongo awo a mayi anga, mwini mbumba yathu. Ndinkawakonda koposa. Ndiwo anandisemera legeni, ndiwo ankandisungira mutu wa mbewa, ndipo ndikalakwa ankangondikoka khutu pang'ono n'kuseka. Anali ndi chilonda chosapola pa msongolo, ndipo ntchito yochitsuka ndi madzi amchere n'kuchimanga inali yanga, chifukwa ankati manja a anthu ena n'ngolemera. Vuto lawo linali limodzi: mtima wapachala. Akapsa mtima sankaona kutsogolo.

Panalinso bambo aang'ono a Sandikonda, amuna awo a mayi aang'ono, mkamwini wochokera cha ku Kabudula. Anali munthu wamtali, wofatsa, wachibwibwi. Akayamba kufotokoza nkhani, anthu ankawamalizira okha, nthawi zambiri molakwika, iwo n'kungogwedeza mutu. Dimba lawo linali kudambo, moyandikana ndi la atsibweni, ndipo mu Okutobala wa chaka chimenecho madimba onse awiri anali ndi nazale ya fodya, tsogolo lonse la chaka.

Tsono nthawi yachilimwe anthu akatha kukolola ziweto zimangotayiriridwa, ndipo chobiriwira chokha chotsala m'dziko lonse chimakhala cha m'madimba. Bantomu anali katswiri wothyola mipanda. Kawiri konse analowa m'dimba la bambo aang'ono n'kumaliza chimanga chawo. Atapita kukadandaula, a Jailosi anawauza kuti mkamwini asamakule mwendo. Pobwerera ndinawamva ndi makutu angawa, ndipo theka la mudzi linamvanso, akuti, "Ng'o-ng'ombe imeneyi tsiku lina ndi-ndidzaitema."

Lachinayi lina m'mawa, dzuwa litangotuluka, ndinatsikira kudambo kukakumba dothi limene aphunzitsi anatituma kuti tikaumbire. Ndili mkati mokumba ndinamva kulira kumene sindinakumvepo chibadwire. Kunali kulira kwa ng'ombe, koma kochokera pansi pa mimba. Ndinakwawa mpaka pa tchire la nthochi m'malire mwa dimba la bambo aang'ono, n'kusuzumira kunsi kwa masamba.

Bantomu anali pamenepo. Mwendo umodzi wam'mbuyo unali utapindika kale, magazi ali chuchuchu pa masamba a mpiru. Kumbuyo kwake kunaima munthu. Nkhwangwa inakwera, inatsika, khapa! Mtsempha wachiwiri unaduka, ndipo ndinaumva kulira kwake ngati chingwe cha ngolo chikamaduka pachitunda. Ng'ombe yaikulu ija inakhala pansi chamatako, ikudzikoka ndi miyendo yakutsogolo, lilime panja, maso ali tong'o. Ndinadzikodzera. Dothi lija ndinalisiya pomwepo n'kuliyatsa liwiro.

Panjira ndinagundana ndi ana atatu a a Jailosi, anyamata akuluakulu, zingwe zili m'manja, akufunafuna ng'ombe yawo. Wamkulu, Layitoni, anandigwira paphewa.

"Ukuthawa chiyani iwe Filimoni?"

"Bantomu! Amutema miyendo kudimba!"

"Ndani?"

"Bambo aang'ono."

"Wawaona?"

"Ndawaona ndi maso angawa."

Ndikufuna mumvetse apa, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse. Sindinkanama. Akanandilumbiritsa pa Baibulo ndikanalumbira. M'mutu mwanga ndinkawaona ndithu bambo aang'ono, nkhope yawo yaitali, masharubu awo, nkhwangwa ili m'mwamba. Dimba linali lawo. Mawu oti adzaitema anali awo. Ndiye akanakhala ndani?

Tsoka silinunkha. Nthawi yomweyo a Sandikonda ankachokera kuthengo, mitengo ya chigafa cha fodya ili paphewa, nkhwangwa ili m'dzanja. Anyamata aja sanafunse kanthu. Anawagwetsera pansi ndi mitengo yawo yomwe, n'kuwakokera pabwalo pa a Jailosi, mutu ukugunda m'mizere. Anawavula malaya n'kuwamangirira ku gudumu la ngolo, manja uku ndi uku. Anyakwawa anali atapita kumaliro kutali, ndipo panalibe wina woti n'kunena kuti dikirani.

A Jailosi anatuluka ndi chikoti chachikopa cha mvuu chimene anabwera nacho ku Joni. Sindidzaiwala kulira kwa chikoti chimenecho. Chikagwa, khungu linkayamba layera, kenako n'kutseguka. Bambo aang'ono ankayesa kulankhula. "Ndi-ndi-ndina..." Chibwibwi chinawagwira pakhosi, ndipo anthu anawamalizira monga mwa masiku onse. "Akuti ndinatema! Wavomera!" Mayi aang'ono anadziponya pakati, Layitoni anawakankha n'kugwera pa mtondo, mlomo n'kung'ambika. Akazi ena ankalira, ena ankatukwana. Ine ankandikokera kutsogolo mobwerezabwereza.

"Nena, mwana iwe, anthu amve!"

"Ndinawaona."

Ndinanena kanayi kapena kasanu, ndipo nthawi iliyonse mawu anga ankakula. Kalanga ine, ndinkamva kukoma kuti akuluakulu akundimvera.

Atsibweni anafika mochedwa, miyendo ili yonyowa ngati ochokera kosamba. Mayi aang'ono anawakwawira n'kuwagwira maondo. "Achimwene, alamu anu akufa! Lankhulanipo!" Mwini mbumba akanangokweza dzanja, mwina zikanaima. Koma iwo anayenda mpaka pagudumu paja n'kuwawomba mbama a Sandikonda, yamphamvu, mpaka mutu unagunda chitsulo. "Mwatichititsa manyazi, alamu," anatero. "Mbumba yanga ilibe nawo mlandu umenewu." Atatero anabwerera kumbuyo kwa gulu.

Chikoti chinapitirira. Kamodzi nsonga yake inazungulira mutu n'kukathera m'diso lakumanzere. Bambo aang'ono anakuwa kamodzi kokha, ndipo chimene chinatsika patsaya lawo sichinali magazi okha. Pamenepo kukoma kuja kunandithera. Koma Layitoni sanakhutire. Anatenga chikwanje n'kuyamba kuchinola pamwala wa pakhomo.

"Mtsempha kwa mtsempha," anatero. "Nayenso azikwawa ngati Bantomu."

Abale ake awiri anagwira mwendo wa bambo aang'ono n'kuutambasula pa goli.

Ndi nthawi imeneyo anatulukira a Kamphinda. Sanabwere kudzapulumutsa munthu, ayi. Anaona kalasi ili theka, ndiye anatenga ndodo yawo ya pichesi kudzakusa ojomba. Analowa pakati pa gulu osapereka moni, anayang'ana munthu wapagudumu, anayang'ana chikwanje, kenako anachiponda ndi nsapato yawo yankhondo chili pamwala pomwepo.

"Mboni ndani?"

Manja onse analoza ine.

Anandiyang'ana monga ankayang'anira ng'ombe yanga yopanda linunda. Sileti yanga inali ikadali m'khosi. Anaivula, anaipukuta ndi chikhatho, anatulutsa choko m'thumba n'kundipatsa.

"Khala pansi. Jambula."

"Aphunzitsi, ino si sukulu," anatero a Jailosi, akupuma mwawefuwefu. "Ng'ombe yanga yagona kudambo uko."

"Ndamva, a Jailosi, ndipo pepani. Mwanayu akajambula nkhope ya munthu uyu, mwendo ndikugwirirani ndine, inu muzidula. Koma ndimamudziwa. Pakamwa pake m'pothamanga, dzanja lake ndiye ndaliphunzitsa ndekha."

Ena anaseka, koma palibe anawachotsa phazi pachikwanje.

Ndinakhala m'fumbi. Ndinayamba ndi masamba a nthochi, chifukwa ndiwo anali pafupi ndi maso anga, aakulu, ong'ambikang'ambika, olendewera kuchokera pamwamba. Kenako miyendo yam'mbuyo ya Bantomu, umodzi wopindika. Kenako miyendo iwiri ya munthu, yotangadza, kabudula wofika m'maondo. Kenako dzanja ndi nkhwangwa, pamene zinkatsikira kunsi kwa masamba. Ndinakweza choko kuti ndiike mutu.

Panalibe pouika. Pamene pankayenera kukhala mutu ndi mapewa ndinali nditajambulapo kale masamba.

Ndinafuna kufufuta tsamba limodzi kuti mutuwo ulowe. Chala chinafika pa sileti n'kuima chokha. Mfundo za zala zanga zinkadziwa chimene chimatsatira munthu akaika chinthu chimene sanachione. Aphunzitsi anawerama, fungo la fodya wawo lili m'mphuno mwanga, n'kufunsa motsitsa mawu.

"Mutu wauona?"

Ndinatseka maso n'kubwerera pansi pa nthochi paja. Ndinafunafuna nkhope ija yaitali, masharubu aja. Munalibe. Munali masamba okhaokha.

"Iyayi, aphunzitsi. Masamba anatchinga."

"Kweza mawu."

"Mutu sindinauone!"

Pabwalo panachita phokoso ngati njuchi. Aphunzitsi anakweza ndodo, phokoso n'kutsika.

"Chilipo chimene unachiona koma sunachiike? Usaganize. Yang'ana."

Ndinayang'ananso miyendo ija m'maso otseka. Mwendo wakumanja unali bwinobwino, matope mpaka m'kakolo. Wakumanzere unali ndi kanthu pa msongolo. Dzanja langa linakajambula lokha: kansanza kozungulira kawiri, mfundo yake ili chakunja, nsonga imodzi yaitali ikulendewera. Nditamaliza m'pamene ndinakazindikira. Mfundo imeneyo ndinamanga ndine dzana lake, ndi kansanza kong'amba ku chilundu chakale cha mayi anga.

Mayo ine! Ndinafuna kuifufuta sileti yonse ndi malovu, koma aphunzitsi anali ataitenga kale. Anaipereka kwa a Jailosi. A Jailosi anaiyang'ana, anayang'ana miyendo ya munthu wapagudumu. Inali yosalala, yopanda chilonda, ndipo inali ndi fumbi lofiira la kuthengo, osati matope akuda a kudambo. Sileti inayenda dzanja ndi dzanja. Aliyense akaiona ankatsitsa maso pansi, kuyang'ana miyendo ya anzake. Maso anayenda choncho mpaka kumbuyo kwa gulu, ndipo anthu anapatukana okha.

Atsibweni anaima pamenepo, kansanza kali pa msongolo, nsonga yake yaitali ikulendewera. Anali atasamba miyendo, koma kansanzako sanakachotse, ndipo kanali ndi madontho amene sanali a chilonda chawo.

Sanayang'ane a Jailosi. Anayang'ana ine.

"Inandipondera nazale yonse," anatero ndi mawu aang'ono. "Yonse, a Jailosi. Ndiye inathawira kwa alamu."

Atatero anathawa. Koma munthu wa chilonda angathamange mpaka pati? Anawapeza m'munda wa nsawa kuseri kwa nkhokwe. Ndinamva zibonga ndili pabwalo pomwe. Aphunzitsi anathamangira komweko n'kuwagonera pamwamba, iwonso analandirako zingapo kumsana, koma pofika nthawi imeneyo mkono wa atsibweni unali utathyoka kale ndipo mano awiri anali m'dothi. Amene anamasula bambo aang'ono pagudumu anali mayi aang'ono okha, ndi mano, chifukwa mfundo zinali zitalimba ndi magazi.

Kunyumba mayi anandilandira ndi chikuni. Anandimenya mpaka chinathyoka, akulira. "Wagulitsa atsibweni ako! Ndi choko! Amene anakulera!" Sanandimenyere diso la a Sandikonda, ayi. Mkamwini ndi mlendo. Anandimenyera mlongo wawo. Anyakwawa atabwera mlandu unakambidwa, mbuzi zonse za mbumba yathu zinapita kwa a Jailosi, ndipo mkono utangolumikizika atsibweni ananyamuka ulendo wa ku Halale osatsanzika. Sanabwererenso. Mpaka lero sindidziwa kumene kuli manda awo, ndipo zimandiwawa.

Lolemba lotsatira ndinapita kusukulu ndikuganiza kuti mwina aphunzitsi anditchula ngwazi. Anandiitana kutsogolo n'kundigoneka pa zidina. Zisanu ndi chimodzi, za pichesi.

"Izi si za sileti," anatero. "Sileti inali bwino. Izi n'za mutu uja unauika ndi pakamwa."

Pa zikwapu zonse zimene anandikwapula munthu ameneyo, zokhazo ndizo sindinawasungire mangawa.

Akulu amati nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu. Bambo aang'ono anachira, koma diso linapita. Sanachoke m'mudzi, sanandikalipire. Ine ndiye ndinkawathawa. Ndikawaona akubwera ndinkalowa m'chimanga. Akakhala kuti andipeza pakhomo, ndinkawapatsa moni maso ali kuphazi. Miyezi isanu ndi umodzi inatha ndisanawayang'ane kumaso, ine yemwe amene ndinkatha kukhala theka la tsiku ndikuyang'ana nkhuku.

Titakolola, masana ena anandiitana pakhonde pawo. Anali ndi chikatoni cha sopo chimene anapempha kusitolo ya Mmwenye ku Nsaru, ndi makala atatu osankha bwino.

"A-akuti umajambula. Ndi-ndijambule."

Ndinakhala chakumanja kwawo, mbali ya diso labwino, n'kuwajambula cham'mbali. Ndinaikapo luso langa lonse: mphuno yaitali, masharubu, khutu lopindika pang'ono. Chinali chithunzi chabwino ndithu, ndipo chilichonse chinali pamenepo ndinachiona. Ndinawapatsa ndi manja awiri.

Anachiyandikiza ku diso lawo limodzilo, anachiyang'ana, kenako anachipukuta ndi chikhatho mpaka chonse chinasanduka mwaye.

"U-uyu si ine. Uyu ndi wa chaka chatha." Anatembenuza katoniyo kuseri kwake, n'kuloza pansi patsogolo pawo penipeni. "Khala apa, mwana wanga. Ya-yang'ana."

Ndinakhala. Ndinayang'ana. Chikope chinali chitafota n'kulowa mkati. Chipsera chinayambira pa nsidze, n'kudutsa pamene panali diso, n'kukathera patsaya, chotuwa m'mbali, chofiirira pakati. Pakona pake pankatuluka kamsozi kosaleka, ndipo ntchentche imodzi inkabwererabwerera pomwepo. Iwo sanaiingitse, kuopa kugwedezeka. Ndinajambula zonsezo ndikulira, mamina ali m'kamwa, mpaka mthunzi wa nkhokwe unafika pakhonde. Nditamaliza anachiyang'ana, anagwedeza mutu kamodzi, n'kukachisomeka kudenga m'nyumba mwawo. Chinakhala pamenepo mpaka tsiku limene tinawaika m'manda.

Ndakalamba tsopano. Moyo wanga wonse ndadya za burashi ndi penti, ndalemba zikwangwani za masitolo, ndajambula nkhope za anthu osawerengeka, ndaphunzitsanso ana kujambula. Sindinamenyepo mwana ngakhale mmodzi, chifukwa ndodo ya a Kamphinda sindiiyamikira, ndipo ndikhulupirira kuti linunda likanatheka kuoneka popanda rula. Koma funso lawo ndinalitenga. Mwana akandibweretsera chithunzi, kapena munthu wamkulu akandibweretsera nkhani ya mnzake, ndimafunsa kuti wachiona, kapena wamva? Ambiri amakwiya nalo funsolo.

Sindinganene kuti kuona kunandisangalatsa. Kunandilanda atsibweni amene ndinkawakonda, ndipo sileti ija inathyola mkono ngakhale inapulumutsa mwendo. Chimene ndikumvetsa lero n'chakuti maso anga sananame m'mawa uja. Anaona masamba, miyendo ndi kansanza, n'kulekera pomwepo. Ndine amene sindinapirire kusiya munthu wopanda mutu, ndiye ndinatenga mutu umene unalowera kukhutu n'kuuika pamapewa a eni. Pa zithunzi zonse zimene ndajambula, chonama chinali chimenecho, ndipo sichinafike n'komwe pa sileti. Bambo aang'ono anachigula ndi diso lawo.